Bambo atisiya dzulo: ndalama za maliro tizipeza kuti, nanga pokhala titani napo?

Nangozo

Pepani abale, ndikulemba ndili pa siwa. Bambo athu amwalira dzulo usiku kuchipatala atadwala milungu itatu, thupi lili ku nyumba ya chisoni. Amagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Kanengo kwa zaka 11. Tatsala mayi, amene sali pa ntchito, ine woyamba kubadwa, ndi ang'ono anga atatu, wotsiriza ali sitandade 5. Tikukhala nyumba ya lendi ku Area 25, ndipo miyezi imene bambo analipira ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Anagulanso puloti kunja kwa mzinda kudzera kwa amfumu, nyumba yafika pa lintala koma sinafoleredwe.

Achimwene awo a bambo afika m'mawa uno. Akuti maliro akaikidwe kwawo ku Ntcheu, ndipo popeza ndalama palibe, tipereke mapepala a puloti kwa wa katapila ngati chikole, kapena tingogulitsa. Kodi palibe kwina kumene tingapeze thandizo la maliro? Nanga maliro akadutsa, lendi ikatha, tiyambire pati? Odziwa tithandizeni.

Kalaliki wa Malipiro

Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akutonthozeni. Mapepala a puloti musapatse munthu aliyense sabata ino. Khomo loyamba kugogoda ndi la kuntchito kwa bambo, ndipo mupiteko lero lomwe.

Tengani kalata imene achipatala apereka yotsimikiza imfa, chiphaso chaunzika cha bambo, cha mayi ndi chanu. Mukapemphe wa ofesi yoona za antchito kuti akuonetseni zimene malamulo a pakampanipo amanena wantchito akamwalira. Makampani ambiri okhazikika amapereka bokosi ndi galimoto yonyamula thupi kukafika kumudzi kumene wantchitoyo analembetsa pa fayilo yake, ena amaikapo ndi ya chakudya. Ngati pa fayilo panalembedwa Ntcheu, mwina ulendo wa ku Ntcheu simulipira nokha. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'choti achibale amathamangira kutenga bokosi pa ngongole m'mawa, masana kampani n'kufika ndi lake, ndipo ya bokosi loyambalo sabweza chifukwa sanaitanitse ndi iwo.

Kenako fufuzani kapepala ka malipiro a bambo ka mwezi watha, muwerenge mzere uliwonse wa ndalama zimene amadulidwa. Mzere uliwonse ndi khomo lina. Ngati pali SACCO (bungwe losungitsako ndi kubwerekako ndalama), sikimu ya zachipatala monga MASM, bungwe la antchito, kapena thumba la chisamaliro la pantchito, imbani foni konseko mufunse ngati pali gawo la maliro. Chitani chimodzimodzi ndi sitetimenti ya ku banki: kandalama kakang'ono kotuluka tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse nthawi zambiri kamakhala ka inshuwalansi ya maliro imene mwini wake anaiwala kuuza banja. Inshuwalansi ya mtundu umenewu imatuluka msanga, m'masiku ochepa, mapepala akakwana. Imakanidwa pa zifukwa ziwiri makamaka: ngati mwini wake anadumphitsa miyezi osalipira, kapena ngati wamwalira ndi matenda nthawi yodikira isanathe, imene pa inshuwalansi zambiri ndi miyezi 6 kuchokera tsiku lolowa.

Zimenezo ndi za sabata ino. Pali ndalama zina zimene sizifika maliro asanachitike, koma ndi zimene zidzasunge mayi ndi ana.

Yoyamba ndi yaing'ono: malipiro a masiku amene anagwira mwezi uno ndi ya masiku a tchuthi amene sanatenge. Yachiwiri ndi penshoni. Lamulo la penshoni la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, limati wantchito azidulidwa 5 peresenti ndipo olemba ntchito aziikapo 10 peresenti mwezi uliwonse. Tiyerekeze kuti malipiro anali K300,000: ndiye kuti K45,000 imalowa ku thumba mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo phindu lake. Yachitatu ndi imene mabanja ambiri amaisiya chifukwa chosadziwa. Lamulo lomwelo limakakamiza olemba ntchito kuikira wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Pa chitsanzo chathu chija ndi K3,600,000, yosiyana ndi penshoni. Mukafunse mwachindunji kuti "nanga group life?" chifukwa m'maofesi dzina lake ndi limenelo.

Musachoke pa ofesipo musanalembe zinthu zitatu: dzina la kampani yosunga penshoni, nambala ya bambo ya umembala, ndi mayina amene analemba pa fomu ya olandira akadzamwalira. Ndalama ya penshoni imatsata fomu imeneyo, siilowa m'gulu la chuma chogawana pa bwalo la achibale. Pamene pamavuta ndi apa. Fomu inalembedwa kalekale, mwana wotsiriza asanabadwe, kapena ili ndi mayina a makolo amene anamwalira kale. Zikatero oyang'anira thumba amayamba afufuza amene amadalira malemuyo, ndipo zimatenga nthawi. Dzina la mwana pa fomu likusiyana ndi la pa chiphaso chake chobadwira. Kapena olemba ntchito amadula koma osatumiza ku thumba, vuto limene lilipodi m'dziko muno. Pemphani sitetimenti ya penshoni muone ngati miyezi yonse inalowa. Ngati pali mipata, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, komanso ku ofesi ya Labour.

Chipukutamisozi cha ovulala pantchito, chimene pa imfa ndi malipiro a miyezi 42, chimakhudza imfa yochokera ku ntchitoyo. Poti mwati anadwala, musachiwerengere pokhapokha adokotala atanena kuti matendawo anawatengera kuntchito.

Ngati anali ndi ngongole ku banki kapena ku SACCO, musayambe kubweza musanafunse ngati inali ndi inshuwalansi. Ngongole zambiri za antchito zimakhala nayo, ndipo wobwereka akamwalira yotsalayo imafafanizidwa. Koma safafaniza okha, mpaka mutapereka chiphaso cha imfa.

Msungichuma wa Mphakati

Pepani mwanangu. Za kuntchito anena bwino akuluwa, ine ndinene za pa siwa pomwepo, chifukwa ndalama zambiri za maliro zimathera pamenepo osaoneka.

Pa maliro zimene zimadya ndalama ndi zinayi: bokosi, galimoto, chakudya, ndi kukonza thupi pamodzi ndi masiku a ku nyumba ya chisoni. Zitatu mwa zimenezi zimakula ndi kuchuluka kwa masiku. Usiku uliwonse woonjezera pa siwa ya m'tauni ndi tiyi wa m'mawa, nsima ya masana, nsima ya madzulo, nkhuni, tenti ndi mipando. Choncho chinthu choyamba chopulumutsa ndalama ndi kugwirizana tsiku loika lero lino, ndipo kugona siwa kuno ku Lilongwe kukhale usiku umodzi wokha. Kudikira wachibale wa ku Joni masiku anayi n'kodula kuposa bokosi.

Pezani kope limodzi la chipepeso. Aligwire anthu awiri, mmodzi wa kuchimuna mmodzi wa kuchikazi, ndipo ndalama isatuluke popanda onse awiri kusayina. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira ikhale imodzi, ya mayi kapena yanu, ndipo ilengezedwe pa siwa ndi m'magulu a WhatsApp. Manambala akakhala atatu anayi, chipepeso chimasowera m'matumba, ndiye anthu n'kumati ndalama palibe pamene inabwera. Chilichonse chogulidwa chikhale ndi lisiti, ngakhale kapepala kolemba pamanja ka wogulitsa nkhuni.

Auzeni lero amfumu a m'dera lanu kapena a buloko, atsogoleri a mpingo, ndi gulu la banki mkhonde ngati mayi alimo. Mphakati, amvano, achigwirizano, onsewa amakhala ndi dongosolo lawo la ufa, nkhuni ndi ophika, koma amayenda akauzidwa mwa ndondomeko, osati kumva m'maluwa. Magulu a banki mkhonde amasunga kathumba ka mavuto kosabweza, kosiyana ndi masheya. N'kochepa, koma kamagula mchere, shuga ndi mafuta. Kwa abale athu achisilamu amene akuwerenga, a ku mzikiti amathandiza ndi sanda ndi jeneza, ndipo poti amaika msanga, mtolo wa chakudya umapepuka.

Pa chakudya werengerani motere. Thumba la ufa la makilogalamu 50 limadyetsa anthu pafupifupi 200 kamodzi. Kilogalamu imodzi ya nyemba imakwanira anthu 12 mpaka 15 ikaphatikizana ndi kabichi. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imatsekemeretsa makapu 40 kapena 50. Nyama ya aliyense si lamulo. Nyemba, kabichi ndi soya zimakwanira, mbuzi imodzi ikhale ya adzukulu ndi mafumu. Zakudya zikhale m'chipinda chokhoma, kiyi ali ndi mayi mmodzi wodalirika, azitulutsa za chakudya chimodzi chimodzi. Mukatulutsa zonse pakamodzi zimatha tsiku loyamba.

Bokosi, ngati kuntchito sapereka, pitani kwa akalipentala a ku Mchesi ndi ku Biwi. Apite amuna awiri osakhala ofedwa enieni, chifukwa wolira sanenerera mtengo. Ayeze kutalika ndi m'mapewa asanapite. Bokosi la matabwa wamba lokutidwa ndi nsalu limagwira ntchito yomweyo ndi kasiketi, kusiyana kwake kungathe kulipira lendi ya miyezi ingapo. Kukonza thupi musakudumphe ngati padutsa masiku awiri ndiponso pali ulendo, makamaka nyengo yotentha. Pamenepo si posungira ndalama.

Galimoto: kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Ntcheu ndi makilomita pafupifupi 160, kupita ndi kubwera 320, kuphatikiza msewu wafumbi wolowera kumudzi. Lole ya matani atatu werengerani malita 50 kapena kuposerapo pang'ono. Imodzi yokha, yonyamula thupi, banja ndi oimira mpingo. Ena onse ofuna kuperekeza adzilipirire basi, ndipo zimenezi zilengezedwe poyera ndi amfumu kuti pasakhale wokhumudwa. Mugwirizane ndi dalaivala ngati mtengo ukuphatikiza kugona kumudzi ndi kubwerera, chifukwa mkangano umabuka kumanda akafuna kunyamuka anthu asanadye.

Kuika konkuno n'kothekanso, ku manda a khonsolo monga a ku Area 18 kumene mumalipira malo, kapena ku manda a m'dera kudzera kwa amfumu. Ngati kuntchito akana galimoto, ine ndingakonde zimenezo.

Za katapila ndikuwerengereni. Tiyerekeze mwatenga K500,000 pa chiwongoladzanja cha theka pa mwezi. Mwezi ukatha ndi K750,000. Mukalephera, wachiwiri ndi K1,125,000. Penshoni imatenga miyezi kuti ituluke. Pofika tsiku limenelo puloti inapita kale, chifukwa mapepala amene amakusayinitsani nthawi zambiri salembedwa kuti ngongole, amalembedwa kuti mwagulitsa.

Gogo wa kwa Njolomole

Mdzukulu wanga, pepa. Amayi a Mphakati anena zoona pa zambiri, koma pa zoika m'tauni ndisiyane nawo. Musalimbane ndi abale a bambo ako pa nkhani ya kumene akagone. Mbale wawo ndi wawo, ndipo mukawakaniza thupi mudzakhala mwadzipangira adani pa nkhani ya puloti imene ikubwera. Apatseni zimenezo, inu mugwire nyumba.

Ndiponso kumudzi maliro sadula monga mukuganizira. Manda sagula. Adzukulu amakumba, chawo ndi nsima ndi ndiwo. Amfumu akalengeza, khomo lililonse limatulutsa kambale ka ufa ndi mtolo wa nkhuni, poti maliro n'kulirana. Chofunika n'choti uthenga ufike kwa amfumu lero kudzera kwa mwini mbumba, osati thupi lingotulukira pa galimoto. Amene akuti akaikidwe kwawo auzidwenso mwaulemu kuti chakudya cha kumudziko ndi mbali yawo.

Nkhani ya katundu siikambidwa thupi lili m'nyumba. Iwe usayankhe wekha, ndiwe mwana pamaso pawo. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi atsibweni ako, alongo awo a mayi ako, iwowo ndiwo anene kuti: "Tamva, koma tiyambe taika, za puloti tidzakhala pansi tikasesa." Palibe wamkulu amene angakane mawu amenewo pagulu. Ndipo likadzafika tsiku lomusudzula mayi ako, kumbukirani kuti kusudzula ndi kumasula munthu ku ukwati, si kumulanda mbale ndi mabulangete.

Mlangizi wa za Malamulo

Pepani achemwali. Agogo akupatsani njira yabwino yopezera nthawi. Ine ndikuuzeni chimene lamulo likunena kuti podzakhala pansipo mudziwe poima.

Lamulo lake ndi la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyenera kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene amadalira iye, monga makolo ake kapena mwana wamng'ono amene amamulipirira sukulu. Achimwene ndi achemwali a malemu amene amadziimira paokha mulibemo mkazi ndi ana akakhalapo. Katundu wa m'nyumba, monga mabedi, mipando ndi ziwiya, amatsala ndi mayi. Zotsalazo zimagawidwa kwa mayi ndi ana, ndipo mwa ana, wamng'ono amayenera gawo lokulirapo chifukwa ulendo wake ukadali wautali. Kutenga, kugulitsa kapena kubisa chuma cha masiye usali woyenera ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Kupereka mapepala a puloti kwa wa katapila kukugwera momwemo.

Dziwaninso kuti ngakhale inu ndi mayi simungagulitse pulotiyo mwalamulo lero. Amene ali ndi mphamvu yogulitsa kapena kusintha dzina ndi amene khoti lamupatsa kalata yoyendetsera chuma cha malemu. Yankho limeneli ndi losavuta kupereka kwa aliyense wokukakamizani: sitingathe, khoti silinatipatse kalata.

Usiku uno chitani izi. Sonkhanitsani kalata yogulitsirana puloti, malisiti a njerwa, simenti ndi amisiri, mabuku ndi makhadi a ku banki, mtchatho kapena umboni wa chinkhoswe, ziphaso za ana, foni ya bambo ndi SIM yake. Jambulani pepala lililonse pa foni, mutumizenso kwa munthu wina wodalirika. Mapepala enieniwo akasungidwe kunja kwa nyumba ya siwa, kwa abusa kapena kwa atsibweni. Lembani mndandanda wa katundu wa m'nyumba pamaso pa mboni ziwiri, imodzi ya mbali iliyonse. Popita ku Ntcheu pasiyidwe munthu wamkulu wogona m'nyumbamo. Nyumba zambiri zimachotsedwa katundu tsiku loika maliro, eni ake ali kumanda.

Mukabwerako, choyamba ndi chiphaso cha imfa. Kalata ya kuchipatala ija si chiphaso. Chiphaso chimatuluka ku National Registration Bureau: fomu yolembetsera imfa imadzazidwa kuchipatala komweko, ndipo mumakalondola ku ofesi yawo ya kwa DC. Imfa ikachitikira kunyumba, umboni umachokera kwa amfumu. Poilemba onetsetsani kuti dzina likufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa chiphaso chaunzika ndi la kuntchito. Phiri wina kulembedwa Phili, kapena dzina la pakati kusowa, kumabweza fayilo kumayambiriro. Chikatuluka pangani mafotokope 10, mukadinditse kwa majisitireti kapena kwa loya, chenichenicho musasiye pa ofesi iliyonse.

Kenako kalata ya khoti ija. Chuma chikakhala chochepa, zimathera kwa majisitireti ndi kwa DC. Chikakhala chokulirapo, makamaka pali malo ndi nyumba, zimapita ku High Court. Mungathe kudzera kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyendetsa chuma cha masiye, kapena mayi ndi inu kupempha limodzi kuti mukhale oyendetsa. Poti pali ana aang'ono, ndi bwino oyendetsa akhale awiri. Ngati ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi imeneyi. Wina akayamba kunyamula katundu kapena kuopseza mayi, musadikire khoti, pitani ku Victim Support Unit pa polisi ya kwanuko tsiku lomwelo.

Puloti yogula kwa amfumu ili ndi vuto lakelake: umboni wake ndi kapepala kamodzi ndi chikumbumtima cha anthu. Sabata yomwe mwabwera, mayi, inu ndi ankhoswe mupite kwa amfumu a kumaloko, muwauze za imfa, muwapatse fotokope ya kalata, ndipo alembe m'buku mwawo kuti malowo ali m'manja mwa mkazi ndi ana a malemu ndipo asagulitsidwe. Muonanenso ndi mboni zimene zinasayina pogula ndi oyandikana nawo malire. Kwa amene malo awo ali ndi title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, njira yake ndi kukalembetsa chiletso ku ofesi ya Lands kuti dzina lisasinthidwe mwakabisira. Amene ali m'nyumba ya Malawi Housing Corporation kapena pa puloti ya khonsolo, apite ndi chiphaso cha imfa kukapempha kusintha dzina, ndipo lendi isadumphe ngakhale mwezi umodzi pamene akudikira.

Malisiti amene anena amayi a Mphakati ali ndi ntchito inanso. Ndalama zoyenerera zimene munthu wagwiritsa ntchito pa maliro zimabwezedwa kuchokera ku chuma cha malemu chisanagawidwe. Choncho ngati achimwene a bambo ali ndi kangachepe, auzeni aikepo, zilembedwe, adzabwezeredwa. Chimene sichiloledwa ndi kudzilipira okha ndi puloti.

Nangozo

Zikomo nonse. Kuntchito avomera bokosi ndi galimoto, tinyamuka mawa. Mafunso awiri: PIN ya khadi la bambo ndikuidziwa, kodi ndingatapeko ya chakudya? Komanso tamva kuti pali mwana wina wa bambo ku Dedza amene sitimamudziwa.

Mlangizi wa za Malamulo

Khadilo musaligwiritse ntchito, achemwali. Chilolezo chimene bambo anakupatsani chinatha pamene anamwalira, ndipo sitetimenti imaonetsa tsiku ndi ola. Amene mukuwaletsa puloti adzakulozani chala ndi pepala limenelo kuti woyamba kutapa chuma cha masiye ndinu. N'chimodzimodzi ndi ndalama ya mu foni mwawo. Dziwitsani banki mwa kalata, akauntiyo itsekedwe kufikira kalata ya khoti.

Za mwanayo: lamulo silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi wobadwira kunja. Ngati alidi wa bambo, ali ndi gawo ngati inu. Kumubisa kumangochedwetsa zonse, chifukwa akadzatulukira pambuyo kugawa kumaimitsidwa. Ankhoswe afufuze mwakachetechete, ndipo ngati n'zoona alembedwe pa mndandanda kuyambira pachiyambi. Mayi muwauze maliro atadutsa, pali munthu wamkulu pambali pawo.

Mmisiri wa ku Mchesi

Pepani alongo. Ine ndiyankhe funso lanu lija la pokhala, poti muli ndi milungu isanu kapena isanu ndi umodzi yokha.

Alandilodi muonane nawo sabata yomwe mwabwera kumudzi, osadikira tsiku la lendi. Apite mayi ndi mkulu wa mpingo kapena amfumu a buloko. Pempho likhale lomveka: kulipira mwezi umodzi umodzi m'malo mwa itatu pakamodzi, ndi tsiku limene mukuganiza kutuluka. Zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asayine. Funsaninso ngati bambo anasiya dipoziti. Ngati nyumbayo ili ndi zipinda zitatu, kusamukira ya chipinda chimodzi ndi pabalaza m'dera lomwelo n'kwabwino kuposa kudzikundikira ngongole ya lendi, ndipo ana sasintha sukulu pakati pa teremu.

Koma njira yeniyeni ndi puloti ija. Nyumba imene yafika pa lintala yadya kale ndalama zambiri, ndipo simukuyenera kuimaliza yonse kuti mulowemo. Sankhani zipinda ziwiri zoyandikana za mbali imodzi. Zikakhala za mamita 3 ndi theka chilichonse, denga lotsetsereka mbali imodzi limafuna malata 11 kapena 12, chifukwa lata limodzi likalumikizana ndi linzake limaphimba masentimita pafupifupi 70. Gulani a geji 28. A geji 32 ndi otchipa koma amabooka pokhoma ndipo mphepo imawapinda. Pamwamba pa lintala pakwere mizere ya njerwa yopereka kutsetsereka, mbali imodzi itatu, inayo isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo mitengo ya denga imangidwe ndi waya wokwiriridwa m'khoma mizere itatu pansi. Madenga amene amauluka ndi mvula yoyamba ndi amene anangokhomedwa pamwamba popanda waya ameneyu. Mitengo ipakidwe mankhwala a chiswe kapena oilo wakuda isanakwere.

Chitseko chakunja chikhale chimodzi cholimba, makomo olowera ku zipinda zosafolera atsekedwe ndi njerwa za dothi zimene mudzagumule pambuyo. Mawindo aikidwe mafelemu ndi zitsulo, magalasi adzabwera. Pulasitala angadikire. Pansi, ngati simenti yavuta, tsirani zidutswa za njerwa, tsindirani, muzire. Chimbudzi ndi bafa zikumbidwe ntchito ya denga isanayambe, chifukwa popanda zimenezo simungagonemo ngakhale usiku umodzi. Dzenje likhale kutali ndi chitsime chilichonse mamita 30.

Musanagule kanthu, mmisiri ayendere makoma. Nyumba imene yakhala dzinja limodzi kapena awiri osafolera, makamaka yomangira dothi, imafewa mizere ya pamwamba ndipo imang'aluka m'makona. Zofewazo zichotsedwe. Mmisiri mulipireni ntchito yokha m'magawo atatu, zipangizo mugule nokha ndi malisiti, ndipo malata afike tsiku lokhoma, asagone pa puloti popanda munthu.

Ndalama yake ndi chipepeso chotsala, malipiro otsiriza a bambo, ndi gawo loyamba la group life ikatuluka. Chiliza chidikire chaka chamawa kapena china, manda sathawa. Ikafika ndalama yaikulu padzabwera ambiri ndi malangizo a minibasi ndi bizinesi ya kaunjika. Denga liyambe, chifukwa lendi imene mwasiya kulipira ndi ndalama yolowa mwezi uliwonse, ndiponso puloti yokhalamo anthu siigulitsidwa mwakabisira ngati ya tchire.

Za sukulu ya ang'ono anu, pitani ku ofesi ya Social Welfare kwa DC ndi chiphaso cha imfa ndi kalata ya ahedi, mukalembetse ana pa mndandanda wa ofuna thandizo. Mtukula Pakhomo musaudalire pa mwezi uno, poti salowa pofunsira, amasankha okha mabanja pa nthawi yake ya kalembera. Ngati wina ali ku koleji ya boma kapena akuyembekezera kupita, chiphaso chomwecho achiphatikize pa fomu ya ngongole ya ophunzira. Ndipo pochoka ku Area 25 muwerenge mita ya madzi pamaso pa alandilodi, muijambule, kuti bilu ya wolowa pambuyo panu isadzalembedwe pa dzina la mayi.